Nthenga Zozula

Achimwene anabwerako ku Blantyre mu Okutobala, zaka zinayi kapena zisanu chiyambireni matipate. Anatsika lole yonyamula mbatata ya kachewere pa Tsangano ali ndi kachikwama kamodzi, ndipo mbiri yawo inafika kumudzi iwo akadali m'njira. Pamene ankalowa pabwalo la amayi, anthu anali atawapima kale ndi maso. Matenda anali atapatsidwa kale dzina, lija tinkanong'onezana masiku amenewo, ndipo ena anali atayamba kuwerenga miyezi.

Ine sindinathamange kukawalonjera. Ndinali ndi mangawa nawo, ndipo ine mkwiyo ndimausunga bwino kuposa mbewu. Bambo athu atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, achimwene anafika titaika kale maliro. Kwathu kuno mwamuna wa Chingoni akamwalira anzake amamuvinira ngoma, ndipo mwana wake wamwamuna amayenera kuoneka kutsogolo, chishango m'manja, nyoni kumutu. Nyoni ndi chisoti cha nthenga chimene amuna amavala povina. Tsiku limenelo malo a achimwene anali opanda munthu. Anatulukira patapita masiku awiri, atavala jekete yomanga mabatani mpaka m'khosi, dzuwa likuswa mtengo. Ndinati m'mtima mwanga, awa ndiye matama a m'tauni.

Nyoni ya bambo inali kwa ine. Bambo anawapatsa achimwene atangoyamba kuvina, ndipo iwo popita kuntchito ya malole anandisungitsa. Ndikukumbukira mawu awo: «Sungani inu achemwali, m'tauni mulibe ngoma, muli makoswe okhaokha.» Ndinkaisunga m'sutikesi pamodzi ndi zitenje zanga za kutchalitchi. Koma maliro atatha, achimwene atabwerera ndi jekete yawo, ndinaitulutsa, n'kuiponya m'katoni, katoniyo n'kuikweza kudenga la khitchini. Sindinaiwale ayi. Ndinachita dala, ndipo zaka zitatu zonse sindinasuzumiremo.

Nditapita kukawaona tsiku lachinayi, ndinawapeza pakhonde atatsamira khoma. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Munthu amene ankanyamula thumba la kachewere ndi dzanja limodzi ankagwira kapu ya madzi ndi manja awiri. Tinalonjerana, tinakamba za mvula, za feteleza, za ana anga. Nditadzuka kuti ndizipita anati, «Achemwali, nyoni yanga ija mukadasunga?»

«Ilipo,» ndinayankha.

«Mudzabwere nayo. Sindikuti ndikavine, mwendo wake uti? Ndingofuna ndiivale kamodzi.»

Nditafika kunyumba ndinatsitsa katoni ija. Makoswe anali ataberekeramo. Zimene anasiya makoswe, njenjete zinamaliza. Ndinakhala pansi m'khitchinimo, mwaye uli m'manja, n'kulira ngati mwana. Sindinalirire nthenga zokha. Ndinadziwa kuti munthu uja alibe nthawi yambiri, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene anapempha pa dziko lino ndinali nditadyetsa makoswe ndi mtima wanga woipa.

Nyoni zambiri za m'mudzi mwathu zinali za nthenga za tambala, zina za khwangwala. Ya bambo inali ina. Inali ya nthenga zazitali zakuda, zofewa, zimene zinkagwedera ngakhale munthu ataima chilili. Zinali za kumchira kwa mbalame ina imene imaoneka kudambo nthawi ya dzinja, yakuda bii, yokhala ndi kamzere kofiira pakhosi, mchira wake wautali kuposa thupi. Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka lero. Ena amangoti mpheta ya mchira. Achimwene kuyambira ali mnyamata ankazitcha akalaliki, ati chifukwa cha suti yakuda ndi tayi wofiira, komanso chifukwa zimakhala pamwamba pa bango osagwira ntchito iliyonse yooneka.

Kumunsi kwa mudzi wathu kuli damu laling'ono limene linakumbidwa kale kuti ng'ombe zizimwa zikachoka kudibi. Dibi linafa, ng'ombe zinachepa, damu linadzaza matope mbali imodzi, n'kumera bango ndi mlulu. Dimba langa linali chapafupi. Ndinaganiza kuti ndikapeza nthenga kumeneko, ndikonze nyoni mwakachetechete, achimwene asadziwe kanthu. Akandifunsa ndinkati ili pansi pa katundu, ndiifuna Loweruka. Loweruka likafika ndinkati kiyi wa sutikesi wasowa.

Ndiye ndinayamba kuyang'ana mbalame, ine amene moyo wanga wonse mbalame ndinkazidziwa ziwiri, yodyedwa ndi yowononga mbewu. M'mawa uliwonse ndisanagwire khasu ndinkaima pa chipupa cha damu. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, zinthu zinayamba kufika. Anamzeze anadzaza mlengalenga, akumwa madzi chouluka. Akakowa ankatsata ng'ombe zochepa zija. Nantchengwa anali pamalo ake tsiku lililonse, akupondaponda matope ndi phazi, nkhope ili ngati ya munthu amene wamva zoipa za aliyense. Tsiku lina m'mawa ndinapeza atsekwe awiri pakati pa madzi, ndipo ndinadzigwira ndikumwetulira ndekha. Adokowe anabwera gulu, anakhala masiku atatu akudya ziwala, n'kupita. Koma akalaliki, ng'o. M'bango munali timpheta tofiirira ngati udzu wouma, tambirimbiri, timene ndinkatigenda tikalowa m'dimba. Ine ndinkadziwa, monga aliyense ankadziwira, kuti akalaliki amachokera ku Mozambique pamodzi ndi mvula, ndipo mvula ikatha amabwerera kwawo. Ndinkayang'ana kumadzulo, kumapiri a m'malire, n'kumawatukwana kuti achedweranji chaka chino chokha.

Nthawi yomweyo achimwene nawo anayamba kupita kudamu. Kunyumba kunkawatopetsa. Anthu ankabwera kudzazonda, koma ena kuzonda kwake kunali kudzaona ngati zimene anamva n'zoona. Achimwene ankatenga ndodo, n'kupuma katatu m'njira, n'kukakhala pansi pa mtengo wa katope m'mbali mwa madzi. Tsiku lina anandipeza nditaima pa chipupa, khasu lili paphewa, khosi lili m'mwamba.

«Kodi inu achemwali, mwayamba liti kuweta mbalame?» anafunsa atakhala pansi, akupuma movutika. «Amayi akuti m'dimba mwanu udzu wafika m'mawondo.»

Ndinayesa kuseka, koma sizinatheke. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zonse: katoni, denga, makoswe, ngakhale zoti ndinachita dala. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Ndinkafuna ndithu kuti akalipe, kuti nanenso ndipeze potulutsira zanga.

Anayang'ana madzi. Kenaka anati, «Ndiye makoswe ali konsekonse eti.» Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ine ndikuwasisita kumsana. Chitawasiya anafunsa, «Tsono mukudikira chiyani pano?»

«Akalaliki anu aja. Sanafikebe.»

«Afike kuchokera kuti?»

«Si ku Mozambique?»

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti nkhuku imayamwitsa. Anakweza ndodo n'kuloza bango limene linali patsogolo pathu. «Taonani apo. Ayi, osati uyo, winayo wa kumanzere. Mwamuona?»

Kanali kampheta kofiirira ngati tinzake, koma kanali ndi mawanga akuda pamsana ndi pachifuwa, ngati kagwera m'phulusa la moto. Kumchira kwake kunali tinthenga tiwiri takuda totalikirapo pang'ono.

«Kalaliki ameneyo,» anatero achimwene. «Akusoketsa suti. Sapita kulikonse awa. Mvula ikatha amavula, mchira n'kugwa, n'kukhala ngati akazi awo. Chaka chonse ali pompano, inu n'kumawagenda. Bambo anandionetsa ndili wamng'ono. Ankatola nthenga zikagwa zokha, mu Epulo, chimanga chikamauma. Nyoni ija inawatengera zaka zinayi. Sanazulepo ngakhale imodzi. Ankati ya kuzula savinira, chifukwa mwini wake akadaifuna.»

«Mu Epulo,» ndinabwereza.

«Mu Epulo,» anatero iwo. Tonse tinayang'ana kumadzi. Umenewo unali Novembala, ndipo palibe anawerenga miyezi mokweza.

Disembala wa chaka chimenecho ndimaukumbukira ngati mwezi wabwino, ngakhale ndikudziwa kuti sunali wabwino. Akalaliki anamaliza kuvala. Aliyense anatenga kachigawo kake ka udzu, ndipo ankauluka pang'onopang'ono pamwamba pake, mchira uli lende, ngati ukumulemera. Akaona mnzake wadutsa malire, nkhondo. Achimwene anawapatsa maudindo onse. Uyu ndi wa ku ofesi ya msonkho, uyo ndi wa kupositi, uyo wonenepayo wangopambana chisankho ndipo sitidzamuonanso mpaka zaka zisanu. Ine ndinkalima mizere iwiri, n'kubwera kudzakhala, n'kubwereranso. Ndinaphunzira kusiyanitsa abakha am'tchire oimba mluzu ndi aja osalankhula. Ndinaona nkhwazi kamodzi kokha, imene achimwene anati yasochera, m'damu muno mulibe nsomba yoyenera ulemu wake.

Pansi pa katope pomwepo ndi pamene ndinawafunsa za maliro a bambo. Sindinakonzekere, zinangotuluka. Ndinati, «Achimwene, uthenga sunakupezeni?»

«Unandipeza tsiku lomwelo. Ndinaumva pa wailesi.»

«Nanga?»

Anamasula mabatani a malaya awo n'kundionetsa. Kuchokera pachifuwa kuzungulira mpaka kumsana kunali chipsera chachikulu, chakale, cha mashingozi. «Nthawi imeneyo zinali ziwisi,» anatero. «Ngoma savina ndi jekete. Ndikanavula pamaso pa mudzi wonse, aliyense akanadziwa matenda anga, amayi akanaika maliro awiri tsiku limodzi. Ndinakhala pa depoti masiku awiri ndikudikira kuti muike.»

Ndinakumbukira jekete ija, ndi mmene ndinawaperekera madzi osamba osawayang'ana kumaso. Zaka zitatu ndinadana ndi mlongo wanga chifukwa cha mabatani. Ndinalephera kupepesa. Ndinangowathandiza kumanga malaya, chifukwa zala zawo zinalibe mphamvu, ndipo ndinamanga molakwitsa, batani lina pa bowo la linzake.

Chaka chatsopano chitangolowa, miyendo inakana. Tinapita nawo kuchipatala pa ngolo, anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu, tinabwerera. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo tinkangowamva kuti aliko kumaiko ena. Achimwene anagona pamphasa m'chipinda cha amayi, pafupi ndi zenera, ndipo damu linasanduka ntchito yanga. Masana alionse ndikamalowa, funso linali limodzi: «Kudamu kuli bwanji lero?» Ndinkapereka lipoti lonse. Atsekwe aswa, ana asanu, mmodzi wasowa. Nantchengwa akumanganso chisa china pamwamba pa chakale. Madzi afika pa mwala uja. Wa ku ofesi ya msonkho walandidwa malo ndi mnyamata wina watsopano. Ankamvetsera maso ali chitsekere, nthawi zina n'kundikonza. Tsiku limene sindinaone chachilendo ndinkachita manyazi ngati mwana wobwera kusukulu wopanda kope.

Nthenga ndinkafunafuna tsiku lililonse. Ndinkalowa m'udzu wonyowa mpaka m'chiuno, misundu ikundiluma. Mwezi wonse wa Januwale ndinatola imodzi yokha, yothyoka pakati, mwina inagwa pa ndewu. Nditawaonetsa anaisisita pa tsaya lawo n'kunena kuti, «Mwayamba bwino. Zinazo mu Epulo.»

Kumayambiriro kwa Febuluwale anasiya kudya. Phala linkabwerera. Amayi anayamba kuitanitsa abale a ku Kandeu. Ine ndinapita kwa amuna anga n'kuwauza kuti andipangire ulimbo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Iwo anakula akuweta ng'ombe, ulimbo ankaudziwa, komanso mawu a bambo ankawadziwa.

«Mayi, alamu akadziwa?»

«Adziwa bwanji? Nthenga ndi nthenga. Inu pangani, tchimo likhale langa.»

Anakagoba utomoni wa kachere, anauphika, anaupaka pa timitengo. M'mawa mwake ndinakatchera ndekha pamwamba pa bango, pamalo pamene kalaliki aliyense ankakonda kutera. Miyezi iwiri ndinali nditawaphunzira bwino, ndinkadziwa mpando wa aliyense. Nzeru zimene anandipatsa achimwene ndi zomwe ndinagwirira akalaliki.

Sindidzaiwala kulemera kwake m'dzanja, kapena ndinene kupepuka kwake. Mbalame yonse ija, suti ndi tayi, inali kanthu kochepa kotentha, mtima ukugunda pa chala changa. Ndinkagwira mchira n'kukoka kamodzi. Inkalira kamodzinso. Ndinkaipukuta mapazi ndi mafuta ophikira n'kuitaya m'mwamba. Masiku anayi ndinagwira khumi ndi imodzi. Ziwiri zinafera m'manja mwanga, ulimbo utazimata mapiko. Zinazo zinabwerera pa bango lawo, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri ndi chakuti zinapitiriza kuuluka pang'onopang'ono pamwamba pa udzu wawo, monga kale, ngati mchira ukadalipo. Masiku amenewo achimwene akafunsa za kudamu ndinkakamba za atsekwe.

Kusoka nyoni ndi ntchito ya amuna, koma sindinafune kuti wina aione. Ndinakhala kuseri kwa khitchini masana awiri ndi singano yosokera matumba. Lamba wachikopa wozungulira mutu makoswe anali atamusiya, ndiye ndinangomupukuta ndi kumupaka mafuta, n'kumangirira nthenga m'timagulu pa mabowo omwe bambo anaboola. Sinafanane ndi yakale. Inali yopyapyala, mbali ina yopendekeka. Koma nditaikweza m'mwamba kamphepo kanaigwedeza, ndipo ndinamva ngati ndamva mgugu wa mapazi pabwalo.

Ndinapita nayo Lachitatu masana, nditaikulunga m'chitenje. Amayi anali panja akusankha nyemba. Achimwene anali maso. Ndinagwada pafupi ndi mphasa n'kufunyulula.

Anailandira ndi manja awiri, n'kuiika pachifuwa. Anayendetsa zala m'nthenga kuchokera kunsonga kutsika mpaka kumatsinde, pamene ndinamanga ndi ulusi. Pamenepo zala zinaima. Anasolola nthenga imodzi pang'ono n'kuiyandikiza kumaso. Nthenga yogwa yokha tsinde lake limakhala louma, loyera. Izi zinali ndi kadontho kakuda ka magazi kunsonga. Ine sindinaganizeko zimenezo.

«Izi si zotola,» anatero.

«Ayi.»

«Angati?»

«Khumi ndi mmodzi. Awiri anafa.»

Anatseka maso. Ndinaona msozi ukutsika kulowera kukhutu. Mkwiyo wanga uja unabwera, pakuti ine ndikachita mantha ndimakalipa. Ndinati, «Mumafuna nditani? Ndidikire Epulo? Epulo wake uti, achimwene? Ndiuzeni, Epulo wake uti?» Mawu amene tonse tinkawazemba kuyambira Novembala anali atatuluka, ndipo anatuluka m'kamwa mwanga, mokweza, m'chipinda cha wodwala. Panja amayi anasiya kusankha nyemba.

Achimwene anatsegula maso. Kwa nthawi yoyamba chikulireni anandiyankhula ngati kamlongo kawo kakang'ono. «Iwe, usalire. Tandidzutsa.»

Ndinawakweza n'kuwatsamiritsa kukhoma, pilo kumsana. Anali opepuka moti ndinachita mantha kuti ndiwathyola. Anaitana amayi kuti alowe adzaone. Kenaka ananyamula nyoni ija, n'kuiika pamutu, n'kuwongola khosi monga amachitira amuna ngoma ikamayamba.

Nyoni inatsetsereka. Inadutsa pamphumi, inaphimba maso, n'kukaima pamphuno. Anaikweza, inagwanso. Amayi anatembenukira kukhoma, chitenje chili pakamwa. Achimwene anaigwira ndi dzanja limodzi pamwamba pa mphumi kuti isagwe, n'kundiyang'ana ndi maso aja amene anali atakula kuposa nkhope.

«Achemwali, mwakulitsa,» anatero. «Muyeso munatenga mutu wa ndani?»

Lamba anali yemwe uja, amene ankawathina ali mnyamata mpaka kusiya mzere pamphumi. Sindinawonjezepo ngakhale chala chimodzi. Iwo ankadziwa, amayi ankadziwa, inenso ndinkadziwa.

«Ndalakwitsa ine,» ndinatero. «Ndibweza pang'ono mawa.»

«Mubweze ndithu,» anatero. «Ntchito ya amuna iyi, mwaiona?»

Ndinaibweza madzulo omwewo, zala zitatu. Anamwalira Lachisanu m'mawa, ndisanawayese.